Izi Si Nyimbo Zogonela

Tsiku lina malaiti atapita, ninali pakhonde kumvetsela nyimbo pa foni. Mnzanga anatenga hedifoni imodzi, anamvela pang'ono cabe, n'kuseka. "Iwe, izi ni za kung fu kapena za pamalilo? Nanga ng'oma zili kuti?" Wina amene tinali naye anati iye amazikonda nyimbo zotele cifukwa zimamugoneka msanga. Onse awili nifuna kuwatsutsa, koma waciwiliyo ndiye ananikwiyitsa kwambili. Woseka uja anamvako cinthu cimene cinamusokoneza. Wogonayo sanamve ciliconse.

Nyimboyo inali November Steps ya Toru Takemitsu wa ku Japan. Anailemba mu 1967 atapemphedwa na New York Philharmonic, gulu loimba limene linali kukondwelela kuti lakwanitsa zaka 125. Patsogolo pa mavayolini na malipenga acizungu anakhazikapo anthu awili a kwawo. Mayi Kinshi Tsuruta anali na biwa, coimbila ca zingwe cimene amacimenya na kathabwa kotakata. Katsuya Yokoyama anali na shakuhachi, citolilo ca nsungwi ca maboo asanu. Wotsogolela gulu anali Seiji Ozawa.

Anthu amakonda kukamba kuti nyimbo zotele zimasakaniza za ku Asia na zacizungu, monga kuti ni shuga mu tiyi. Mvetselani bwino, mudzaona kuti Takemitsu anakana kuti biwa isungunuke. Gulu lalikulu limakamba zake, n'kukhala cete. Biwa na shakuhachi zimayankha m'cinenelo cawo, pa liwilo lawo. Pali gawo lalitali pamene oimba mavayolini onse amangokhala, awili aja akuimba okha. Awa si alendo oitanidwa kudzavina kuti eni nyumba aombe m'manja. Ni alendo amene apatsidwa mpando, ndipo eni nyumba akuyembekezela kuti atsilize kukamba.

Kuti mumvetse kulemela kwake, dziwani kumene munthuyu anacokela. Takemitsu anabadwa mu 1930, ndipo ali na zaka 14 anatengedwa kukagwilila nchito asilikali pa nkhondo yaciwili ya dziko lonse. Nkhondo itatha, anafulatila nyimbo za makolo ake cifukwa zinali kumukumbutsa nthawi yoipayo. Anathawila ku nyimbo zacizungu, ndipo zambili anadziphunzitsa yekha. Panapita zaka kuti abwelele, ndipo iye mwini anavomeleza kuti John Cage wa ku America anamuthandiza kuonanso phindu la zakwawo. November Steps ni munthu amene anathawa pakhomo, manje wabwela kudzayang'anizana na makolo. Kodi zimenezo n'zogonela?

Manje nibwele kwa mnzanga woseka. Iye anati biwa imalila monga yothyoka. Si yothyoka. Anaipanga dala kuti cingwe cizinjenjemela na kaphokoso, ndipo Ajapani kaphokosoko amakacha sawari. Woimba shakuhachi nayenso sabisa mpweya wake, umamveka ukutuluka. Ife tiyenela kukhala oyamba kumvetsa zimenezi. N'cifukwa ciani pa kalimba amamangapo zitsekelelo za mabotolo? N'cifukwa ciani opanga silimba amamata kansalu ka kangaude pa kaboo ka ciguba? Agogo athu anadziwa kuti liwu losalala kwambili lilibe moyo. Tikaseka biwa, tikuseka khutu la agogo athu, ndipo tikuliseka na khutu lobweleka.

Ena amati izi ni za apamwamba, za anthu ovala masuti. Tan Dun wa ku China, wobadwa mu 1957 ku Hunan, anabzalapo mpunga m'minda ya kumudzi pa nthawi ya Cultural Revolution. Ni iye analemba nyimbo za mu filimu ya Crouching Tiger, Hidden Dragon, zimene zinamupatsa Oscar mu 2001. Mmenemo cello ya Yo-Yo Ma imateleleka monga erhu, coimbila ca zingwe ziwili ca ku China. Conco mnzanga uja sanalakwe kwenikweni pochula kung fu, anangoleka kumvetsela msanga. Tan Dun analembanso Water Concerto pokumbukila Takemitsu, ndipo coimbila cacikulu mmenemo ni madzi m'mabeseni, omenyedwa na manja. Aliyense amene anacapapo zovala pampopi amalidziwa liwu limenelo.

Nivomele cimodzi. Zabodza zilipo, ndipo n'zambili. Pa YouTube mudzapeza maola atatu a citolilo cofewa pamwamba pa piyano, cithunzi cake phili na mtambo. Izo ni za m'mahotela, zopangidwa kuti zisakusokonezeni. Mmenemo citolilo ca ku Asia ni maluwa a pathebulo cabe. Kuyesa kwanga n'kosavuta: cotsani coimbila cacilendoco m'maganizo mwanu. Ngati nyimbo ikali ciimile, cinali cokongoletsela. Cotsani biwa mu November Steps, nyimbo yonse yagwa.

Apa m'pamene nkhaniyi ikutikhudza. Ni nyimbo zingati zocokela m'masitudiyo a m'komboni zimene zimayamba na kalimba kwa masekondi asanu, kenako biti ya pa kompyuta n'kuipondeleza mpaka kumapeto? Timati talemekeza mwambo, koma taupatsa nchito ya mlonda wa pageti: atsegule, asaloweko. A Zamrock a m'ma 1970, monga WITCH na Paul Ngozi, anacita mosiyana. Anatenga gitala ya rock n'kuikakamiza kukamba za kuno. Funso la Takemitsu ni lathu: m'nyimbo yanu, ndani akulamula, ndipo ndani akungokongoletsa?

Ngati mukuopa kuyambila pozama, yambani na Butterfly Lovers, nyimbo ya vayolini imene ophunzila awili a ku Shanghai, He Zhanhao na Chen Gang, analemba mu 1959. Ni yokoma, imalowa mosavuta. Mukacoka apo, patsani November Steps mphindi zake pafupifupi 20, foni yoyang'ana pansi, mutakhala tsonga. Mwina mudzaizonda, ndipo palibe mlandu. Bwelani tikangane mutaimva yonse. Koma osaniuza kuti inakugonekani.