Ntchito zamanja pa foni: ndani akuona dzanja la wophunzira?

Masiku ano si zachilendo kulandira uthenga pa WhatsApp woitanira anthu akuluakulu ku maphunziro a pa intaneti: kusoka, kulumikiza magetsi a sola, kukonza mafoni, kusunga mabuku a bizinesi. Kwa mayi wa ku Nayuchi kapena bambo wa ku Phalula, uthenga wotere ndi wokoma. Sangasiye ana ndi munda n'kukagonera kukoleji ya ntchito zamanja ya Nasawa ku Zomba, ndipo malo m'makoleji a Khwisa ndi Andiamo ku Balaka sangakwanire aliyense wofuna luso.

Kuphunzira uli kwanu si kwatsopano m'dziko muno. Sukulu yophunzitsa kudzera m'makalata, yomwe lero ndi Malawi College of Distance Education, idayamba mu 1965. Wophunzira ankalemba ntchito n'kutumiza, ndipo inkabwerera itachongedwa. Aphunzitsi a pulaimale amene adaphunzira ali kumudzi kudzera ku makoleji ngati Machinga TTC ku Liwonde ankapitabe kukoleji patchuthi kukaonana ndi owaphunzitsa maso ndi maso. Mphamvu ya maphunziro amenewo inali pa munthu amene ankaona ntchito yako n'kukuuza pamene walakwitsa.

Munthu ameneyu ndiye akusowa m'maphunziro ambiri a pa foni. Sukulu zitatsekedwa pa 23 Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, tidazolowera kuti kutumiza zolemba pagulu ndiko kuphunzitsa. Sikuphunzitsa kumeneko. Mphunzitsi akaponya masamba makumi atatu a Chingerezi kwa anthu mazana awiri, iye n'kukhala chete sabata yonse, amene adasiyira sukulu Sitandade 7 amachita manyazi kufunsa, kenako amangosiya. Ndipo kanema, ngakhale ajambulidwe bwino chotani, saona kuti msoko wakhota, kapena kuti waya wa ku batire walowa polakwika. Wowotcherera zitsulo amaphunzira mmisiri atamugwira dzanja. Foni ingathe kufotokoza miyeso, mayina a zipangizo, kawerengedwe ka mtengo ndi njira zopewera ngozi. Zotsalazo zimafuna shopu, makina ndi mmisiri. Amisiri otero alipo pa Liwonde, pa Ntaja, pa Ulongwe. N'chifukwa chiyani okonza maphunzirowa sagwirizana nawo kuti wophunzira azipitako masiku awiri pa sabata?

Kayendetsedwe ka maphunzirowa nako kaziganizira moyo wa kuno. Phunziro loti aliyense alowe nthawi imodzi likutanthauza bandulo, netiweki yabwino ndi foni yotchaja, pomwe nyumba zambiri m'maboma a Machinga ndi Balaka zilibe magetsi. Ngakhale a m'tauni akukumbukira mdima umene udagwa namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022. Phunziro likhale lalifupi, la mawu ojambula m'Chichewa ndi m'Chiyao, loti munthu alisunge n'kumalimvera madzulo. Wokonza ndondomeko adziwenso kuti mu Januwale anthu ali kalikiliki kupalira, kuti tsiku la msika wogulitsa sapezeka, kuti ku Machinga Lachisanu masana ambiri ali ku mzikiti ndipo mwezi wa Ramadan mphamvu zimachepa. Wamkulu amene wajomba phunziro si waulesi ayi, ali ndi banja loti lidye.

Bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja la TEVETA, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1999, limalandira msonkho wa 1 peresenti ya malipiro kuchokera kwa olemba anthu ntchito. Mu 2021 World Bank idavomereza madola 100 miliyoni a pulojekiti ya SAVE yotukula maluso, ndipo kuphunzira patali ndi gawo lake. Pempho lathu ndi loti ndalama zotere zisathere pa makompyuta okha. Ziphunzitse aphunzitsi kaphunzitsidwe ka patali, zilipire mmisiri wolandira ophunzira, ndipo TEVETA iyendere maphunziro a pa intaneti monga imayendera sukulu za njerwa.

Inu amene mukufuna kulembetsa, musanatumize ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, funsani dzina la mphunzitsi amene aziyankha mafunso anu, funsani shopu imene mukagwireko zipangizo, ndipo imbani ku TEVETA mumve ngati sukuluyo akuidziwa.