Madeya a yureniyamu: zimene Basra ikutiuza za Kayelekera

Uthengawu ndi wautaliko, koma musaudumphe, bandulo siithera pamenepa.

Mu Ogasiti 2025 mgodi wa Kayelekera ku Karonga unayambanso kutulutsa yureniyamu, utakhala chitsekere kuyambira 2014. Pa wailesi nkhani inali ya ntchito ndi forex basi. Ifenso ntchito tikuzifuna, ambiri mwa ife masatifiketi akungochita fumbi m'chikwama. Koma pali nkhani ina imene akuluakulu saikamba akamadula riboni: yureniyamu akasanduka fumbi n'kulowa m'thupi la munthu, ndani amakhala ndi manambala ake? Kuti timvane bwino, tiyambe ndi kumene mtsulo umenewu umakathera.

Yureniyamu wochokera mumgodi sangalowe mu makina ambiri opangira magetsi mmene alili. Gawo lofunikalo, lotchedwa U-235, ndi 0.7 peresenti yokha. Ndiye amamupeta m'mafakitale a kunja kuti gawolo lifike pa 3 mpaka 5 peresenti. Zili ngati kukonola chimanga, kungoti apa madeya ndi amene amachuluka: pa makilogalamu 10 alionse, 8 kapena 9 amatsala. Madeya amenewa ndi amene azungu amawatcha depleted uranium. Mayiko olemera ali nawo milumilu, ndipo asilikali awo anawapezera ntchito. Ndi olemera kuposa mtovu pafupifupi kawiri, ndiye chipolopolo chake chimaboola kasinja ngati msomali pa chigubu. Chikamaboola chimayaka moto, n'kusiya fumbi lakuda losalala kwambiri, loti mphepo imanyamula ndipo munthu amalipuma osadziwa.

Mu 1991 America ndi Britain anawombera matani pafupifupi 300 a zipolopolo zotere ku Iraq ndi Kuwait. NATO inazigwiritsa ntchito ku Bosnia mu 1994 ndi 1995, kenako ku Kosovo mu 1999, kumene ndege za A-10 zinalavula zipolopolo pafupifupi 31,000. Mu 2003 zinabwereranso ku Iraq. Mu Novembala 2015 America inazigwiritsa ntchito ku Syria, n'kudzavomera mu 2017. Mu 2023 Britain ndi America anazitumiza ku Ukraine. Si nkhani yakale ayi.

Tisakunamizeni, chifukwa mabodza a pa WhatsApp ndi amene amatigwetsa ulesi tonse. Chipolopolo chimenechi si bomba la nyukiliya, ndipo radiation yake ndi yochepa kuyerekeza ndi ya yureniyamu wa mumgodi. Vuto lili pa fumbi lija. Likalowa m'mapapo limatha kukhalamo zaka, likuwotcha pang'onopang'ono pomwe lakhalapo. Likalowa m'magazi limakavulaza impso, chifukwa yureniyamu ndi poizoni ngati mmene ulili mtovu. Ndipo sawola. Kuti theka lake lithe mphamvu pamafunika zaka 4.5 biliyoni. Akatswiri a United Nations oona zachilengedwe atapita ku Bosnia mu 2002, anakamupezabe m'madzi ndi mu mpweya m'malo ena, ngakhale anali wochepa, patatha zaka 7 mfuti zitaleka kulira.

Ku Basra, kummwera kwa Iraq, akasinja oboka anangosiyidwa m'mbali mwa misewu. Ana ankaseweramo. Ogula zitsulo zakutha ankawaphwasula n'kukagulitsa pa sikelo. Inu mukudziwa mmene afana a kwathu kuno amasakira zitsulo kuti apeze ya chiwaya, ndiye tangoganizani. Madokotala a mumzindawo anayamba kudandaula kuti ana odwala khansa ya m'magazi akuchuluka, ndipo kafukufuku amene anatuluka mu 2010 anapeza kuti chiwerengero chawo chinakwera kuposa kawiri pakati pa 1993 ndi 2007. Koma kafukufukuyo sanathe kuloza chala kuti wapalamula ndi uyu. Kunali utsi wa zitsime za mafuta zoyaka, kunali mankhwala ena a nkhondo, kunali njala ya nthawi ya zilango za chuma. Mu 2013 unduna wa zaumoyo wa Iraq, mothandizidwa ndi WHO, unati sunapeze umboni woonekeratu woti ana obadwa olumala achuluka modabwitsa. Akatswiri ena anatsutsa kachitidwe ka kafukufukuyo. Mpaka lero akukanganabe, makolo ataika kale ana awo m'manda.

Apa ndi pamene pagona nkhani yathu. Mkanganowu sutha chifukwa kaundula wodalirika wa odwala analibe nkhondo isanayambe, ndipo amene anawombera ndi amenenso anasunga mapu a malo amene anawombera. Bungwe la ku Netherlands lotchedwa PAX linachita kugwiritsa ntchito lamulo lopempha zikalata za boma kuti ena mwa malo a mu 2003 adziwike, ndipo zinatheka mu 2014. Zaka 11 anthu akulima, kutunga madzi ndi kumanga nyumba pamalo osawadziwa. Ukapanda kuyeza poyamba, wamphamvu amadzangoti, "Umboni uli kuti?" Ndiye iwe, wodwala, wopanda ndalama ya loya, ndi amene umauzidwa kuti ukautenge.

Ife a ku Dedza za zotsalira za nkhondo sitichita kuwerenga m'buku. Makolo athu analandira abale a ku Mozambique othawa nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, amene m'dziko lonse lino anaposa 1 miliyoni. Mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, koma mabomba okwirira anakhalabe m'nthaka tsidya linalo, ndipo Mozambique inadzalengeza kuti yawachotsa mu 2015. Zaka 23. Komabe bomba lokwirira lili ndi ubwino umodzi, ngati tingautche ubwino: chipangizo chimalira chikalipeza, ulikumba, watha nalo. Fumbi sungalikumbe. Umangolidziwa ngati wina anayeza n'kukuuza.

Tsopano tibwere ku Karonga. Sitikunena kuti yureniyamu wa ku Kayelekera ali m'chipolopolo cha munthu, ndipo mgodi si bwalo la nkhondo. Chimene chikufanana ndi mtsulo wake, njira zake zolowera m'thupi, ndi khalidwe la osunga manambala. Kampani ya Paladin ya ku Australia inakumba kumeneko kuyambira 2009 mpaka 2014, n'kutulutsa mapaundi pafupifupi 11 miliyoni. Boma lathu linali ndi 15 peresenti. ActionAid inawerengera mu 2015 kuti dziko linataya ndalama zoposa 43 miliyoni za America m'zaka 6 kudzera m'misonkho yokhululukidwa ndi njira zina zochepetsera msonkho. Ndalamazo tazilira mokwanira. Za thanzi ndi zimene timangozilambalala.

Mu Febuluwale 2014 lole yonyamula yureniyamu inagubuduzika itangochoka kumgodi. Mu Januwale 2015 chimvula chinawononga thanki ina pamgodipo, kampaniyo inalengeza yokha. Chaka chomwecho inayamba kutayira madzi osefedwa mu mtsinje wa Sere ndi chilolezo cha boma, ikunena kuti madziwo akukwanira muyezo wa WHO. Mwina zinalidi choncho. Koma mu 2016 Human Rights Watch italankhula ndi anthu okhala pafupi ndi migodi ya ku Karonga, ya malasha ndi ya yureniyamu yomwe, inapeza kuti sankauzidwa zotsatira za kuyeza madzi kapena zoopsa zimene zingakhudze thanzi lawo. Kumapeto kwa chaka chomwecho anthu 8 a ku Tanzania, amene anabwera kudzaona mmene mgodi wa yureniyamu umakhalira ndi anthu, anamangidwa n'kukhala m'ndende miyezi ingapo. Wofunsa ndi amene anagona mu selo.

Wina ati, Karonga n'kutali, ife zikutikhudza bwanji? Sere amathira mu North Rukuru, North Rukuru amathira m'nyanja, nyanja yomweyo imene Linthipe wathu amakathiramo ku Salima. Usipa umene timagula pamsika wa pa boma umachokera m'madzi amodzi omwewo. Sitikuti usipa uli ndi poizoni, musatimve molakwa n'kukagwetsa bizinesi ya amayi athu. Tikuti nyanja ndi imodzi, ndiye funso ndi la tonse. Komanso migodi ina ikubwera, ku Kanyika ku Mzimba, ku Kasiya ku Lilongwe, ku Kangankunde ku Balaka. Chizolowezi chimene tilole ku Karonga ndi chimene chidzafike pakhomo pathu.

Ena akutinena kale kuti tikuthamangitsa ma investor. Aise, kampani imene madzi ake ali bwino itaya chiyani pomata pepala la zotsatira pa chipatala? Mwini watsopano, Lotus Resources, ndi amene angapindule kwambiri, chifukwa mawa wina akadzanama kuti mbuzi zake zafa ndi mgodi, pepalalo ndi limene lidzayankhe. Muyezo wa WHO ndi wodziwika: mamaikirogalamu 30 a yureniyamu pa lita imodzi ya madzi akumwa. Ndi nambala imodzi. Mwana wa Folomu 2 angathe kuiyerekeza ndi nambala ina.

Zimene tikufuna si zodabwitsa. Bungwe la Atomic Energy Regulatory Authority, limene linabwera ndi lamulo la 2011, lizitulutsa poyera zotsatira za madzi a Sere ndi North Rukuru, za zitsime ndi za fumbi, mu Chichewa, Chitumbuka ndi Chinkhonde, osati mu lipoti la Chingerezi lotsekeredwa mu kabati ku Capital Hill. Ogwira ntchito pamgodi ayezedwe impso ndi mapapo polowa ndi potuluka, ndipo aliyense apatsidwe pepala lake m'manja, kuti kampani ikadzachoka umboni usadzakwere nayo ndege. Unduna wa Zaumoyo uwerenge odwala khansa, odwala impso ndi ana obadwa olumala m'midzi yozungulira mgodi panopa, osati pakadzamveka maliro. Ndipo poti ku United Nations nkhani ya zipolopolo zimenezi imavoteredwa kuyambira 2007, America, Britain, France ndi Israel akukana, Unduna wa Zakunja uziuza Amalawi mmene wavotera. Belgium inaletsa zida zimenezi ndi lamulo la 2007, Costa Rica mu 2011. Dziko logulitsa yureniyamu ngati lathu lili ndi chifukwa chokwanira cholankhulirapo.

Chida tili nacho kale. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza zikalata za boma linayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020, ndipo loyang'anira ndi bungwe la Malawi Human Rights Commission. Mmalawi aliyense angathe kulemba kalata yopempha zotsatira zimenezi, sizilira digiri. Lembani, sungani kope yodindidwa, lembani tsiku limene mwapereka. Phungu wanu mutumizireni funso lomwelo pa foni, ndipo akayankha kapena akakhala chete, jambulani muponye pa gulupu. Anzathu a ku Karonga ndi Chitipa amene muli muno, tithandizeni kumasulira uthengawu kuti ufike kwa eni dera. Enanu tumizani ku magulupu a kusukulu, a kutchalitchi, a kumzikiti ndi a mpira.

Ndife anzanu, achinyamata a ku Dedza.