Dominic Mulaisho Abwerere Kwawo m'Chinenero Chathu

Munthu akaima m'dziko la Mfumu Nyalugwe ndi kuyang'ana madzi a Luangwa alikutsikira kumwera, kudutsa pansi pa mlatho wa mseu waukulu wa ku Lusaka mpaka kukathira m'Zambezi pa Feira, ayenera kudziwa kuti kumunsi komweko, m'chaka cha 1933, kudabadwa mwana amene adadzatenga moyo wa anthu a m'chigwachi ndi kuuika m'buku lowerengedwa kutsidya la nyanja. Dzina lake ndi Dominic Mulaisho, ndipo ndili ndi mlandu ndi ife eni dera, pakuti tidamsiya kuti akhale mlendo pakati pa abale ake.

Ambiri amene akumkumbukira amkumbukira monga mkulu wa boma, ndipo salakwa ayi. Pakuti iye, ataphunzira kwa ansembe ndi kupitirira mpaka ku sukulu ya ukachenjede ya ku Salisbury, adatumikira m'maunduna pa nthawi ya a Kaunda, nadzakhala bwanamkubwa wa Bank of Zambia kuyambira 1992 kufikira 1995, masiku amene kwacha inali kusungunuka m'manja mwa anthu. Koma ndalama za masiku amenewo zidachoka kale m'matumba mwathu, ndipo m'chaka cha 2013, chimene iye adatsikira kuli chete, boma lidadula ziro zitatu pa kwacha; pamene buku lake loyamba, The Tongue of the Dumb, limene a Heinemann adasindikiza mu 1971 m'gulu lomwelo la mabuku a Chinua Achebe ndi Ngugi wa Thiong'o, likali chilili.

Nkhani yake si ya kutali. Ndi ya mudzi wa Ansenga wa Mfumu Mpona, m'masiku a atsamunda, pamene madzi osefukira ndi njala zidagwera anthu, iwo nayamba kufunafuna amene adawalodza. Muli Lubinda, nduna ya mtima wa kaduka, wosirira mpando wa mbuye wake ndiponso mkazi wamasiye Natombi, amene adamkana. Muli Mwape, mwana wa mkaziyo, wosalankhula. Muli mphunzitsi wa mishoni, wopanikizika pakati pa ansembe omtuma ndi mudzi umene akhalamo. Yense amene adakhalapo pa bwalo la milandu ku Nyimba kapena ku Petauke, namva momwe liwu loti ufiti limagwera pa wamasiye wopanda womuimira, adzazindikira nkhope zimenezi msanga, ndipo kapena adzachita manyazi pang'ono.

Chimene ndilemekeza koposa mwa mlembiyu ndi chakuti sadakondere mbali. Akadafuna kukondweretsa azungu, akadajambula mudzi monga mdima wokhawokha woyembekeza nyali ya mishoni. Akadafuna kukondweretsa ife, patangopita zaka zisanu ndi ziwiri chilandirireni ufulu, akadaunjika zoipa zonse pa mutu wa mzungu. Iye adakana zonse ziwiri, naonetsa kuti pa mishoni padali wansembe wofatsa ndi wina wonyoza anthu akuda, ndi kuti m'mudzi momwemo mudali anthu olungama pamodzi ndi iwo ogwiritsa mwambo wa makolo monga mkondo wolasira anzawo. Buku lake lachiwiri, The Smoke That Thunders, la mu 1979, lokamba za nkhondo ya ufulu, ndiliona locheperapo mphamvu. Ndale adazidziwa bwino, koma mudzi adaudziwa ndi mtima.

Tsono vuto nali: bukuli lidalembedwa m'Chingerezi, kotero kuti agogo amene miyambi yawo idadzaza masamba ake sangalimve, ndipo mwana wa sukulu wa kwa Nyalugwe, ngakhale atadziwa Chingerezicho, adzalipeza kuti? Fodya wako ndiye ali pamphuno, adatero akale. Uyu wathu ali pa mashelefu a ku London. Sindimdzudzula Mulaisho posankha chinenerocho, popeza ndicho chidamtsegulira khomo la osindikiza. Koma njira imene idapita uko ingathe kubwereranso kuno. Samuel Ntara wa ku Nkhoma adalemba Nthondo m'Chinyanja, ndipo Cullen Young adalitembenuzira m'Chingerezi mu 1934 kuti azungu alawe; nanga chiletsa nchiyani kuti ife titembenuze Mulaisho, Natombi alire m'mawu amene akazi a m'chigwa amalira nawo?

Ena adzati ndalama palibe, ndi kuti anthu a masiku ano sawerenga. Koma amene ankakhamukira ku wailesi kukamvera nthano za Julius Chongo sadali ophunzira onse ayi. Aphunzitsi opuma pa ntchito odziwa Chinsenga ndi Chinyanja alipo ambiri m'maboma athu awiri a Nyimba ndi Petauke, ndipo nyumba za wailesi za m'dera zilipo; ayambe ndi mutu umodzi, ataloledwa ndi banja la malemuyo ndi eni ake a bukulo, auwerenge madzulo anthu atabwera kuminda.