Chibwenzi cha Pasitima Chikayesedwe Pamtunda

Anthu amene adakwerapo sitima ya Ilala pa nyanja ya Malawi amadziwa kuti ulendo wa pamadzi umagwirizanitsa anthu msanga. Sitimayi idayamba kuyenda m'chaka cha 1951, ndipo kwa zaka zambiri yanyamula anthu kuchokera ku Monkey Bay kupita ku Chilumba kudzera ku Nkhotakota, Likoma ndi Nkhata Bay. Munthu amakwera asakudziwa aliyense, koma pofika tsiku lachiwiri amakhala atagawana kamba ndi anthu a kutali, atauzana za kwawo ndi za ana awo. Pamadzi palibe kothawira ndipo palibe ntchito yothamangira. Chotsala ndi kucheza.

M'maiko ena muli sitima zikuluzikulu zimene ntchito yake ndi kuyendetsa anthu a patchuthi basi. Ina mwa izo, yotchedwa Icon of the Seas, idayamba maulendo ake ku Miami mu Januwale chaka cha 2024, ndipo ikhoza kunyamula apaulendo 7,600 pamodzi ndi antchito oposa 2,000. Kampani ya MSC yakhala ikuyendetsa maulendo a masiku atatu kapena anayi kuchoka ku Durban kupita ku Portuguese Island ku Mozambique. M'sitima zotere muli zipinda zogona, malo odyera, malo ovinira ndi mosambira. Sewero la pa wailesi ya kanema lotchedwa The Love Boat, limene lidaonetsedwa ku America kuyambira 1977 mpaka 1986, lidadzala maganizo akuti munthu wokwera sitima yekha amatsika ali ndi wokondedwa. Mpaka lero ambiri amakwera ndi chiyembekezo chomwecho.

Kodi chiyembekezo chimenechi nchoipa? Iyayi. Kusungulumwa ndi vuto la umoyo lenileni. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidalengeza m'chaka cha 2025 kuti munthu mmodzi mwa anthu 6 aliwonse amavutika ndi kusungulumwa, ndipo vutoli limakulitsa ngozi ya matenda a mtima ndi matenda a maganizo. Mai wamasiye amene ana ake adabalalika, kapena bambo amene adapuma pa ntchito nasowa ocheza nawo, sakulakwa akafuna anzake. Pasitima amadya pagome limodzi ndi anthu omwewo madzulo aliwonse, amavina nawo, amakaona nawo malo sitima ikaima. Maubwenzi ena oyambira pamenepo amakhalitsa, ndipo ena adafika pa ukwati. Amene amanyoza maulendo otere kuti ndi uchitsiru wa anthu a ndalama sadziwa kuwawa kwa kudya wekha chaka chonse.

Komabe chinthu chomwecho chimene chimafulumizitsa ubwenzi ndicho chimabisanso zoona. Pasitima aliyense ndi mlendo, ndipo akuluakulu adati mlendo ndi mame. Munthu amavala zovala zake zabwino, sakuphika, sakulipira lendi, sakudandaula za ntchito. Palibe m'bale kapena mnansi amene angamutsutse akanena kuti sali pa banja. Kumudzi mnyamata akafunsira mbeta, ankhoswe amafufuza za khalidwe lake ndi za kwao. Pakati pa nyanja palibe nkhoswe. Masiku anayi a chisangalalo angaonetse kuti munthu amadziwa kuseka ndi kuvina, koma sangaonetse mmene amakhalira akakwiya, akasowa ndalama kapena mnzake akadwala. Chikomekome cha nkhuyu, mkati muli nyerere.

Vuto loyamba ndi mowa. Sitima zambiri zimagulitsa zakumwa pa mtengo umodzi wolipiriratu, kotero wapaulendo amamwa mopyola muyeso pofuna kuti ndalama zake zisapite pachabe. Munthu woledzera savuta kumunyenga, ndipo amaiwala kudziteteza. Milandu ya kugwirira imachitikanso m'sitima zimenezi. Nchifukwa chake wapaulendo asasiye chakumwa chake pagome osachiyang'anira, asalandire chakumwa chimene sadaone pamene chimathiridwa, ndipo asalowe m'chipinda cha munthu amene wangomudziwa kumene popanda mnzake kudziwa kumene ali. Adziwenso kuti makampani a sitima amaletsa antchito awo kuchita chibwenzi ndi apaulendo. Wantchito wofunsira mlendo mobisa akuswa lamulo la ntchito yake, ndipo nkoyenera kumunenera kwa akuluakulu a sitimayo.

Vuto lachiwiri ndi matenda opatsirana pogonana. Kachirombo ka HIV, chindoko ndi chinzonono sizidziwa kuti munthu ali patchuthi, ndipo sizioneka pa nkhope. Anthu achikulire ndiwo amanyengedwa kwambiri, poganiza kuti popeza nkhani ya mimba idatha, kondomu ilibenso ntchito. Kondomu imateteza ku matenda pa msinkhu uliwonse, ndipo wanzeru amanyamula yake pochoka kunyumba. Munthu akagonana mosadziteteza kapena akagwiriridwa, apite msanga kwa dokotala wa m'sitimamo kapena ku chipatala cha pa doko loyamba. Alipo mankhwala otchedwa PEP amene amateteza ku HIV, koma ayenera kuyambidwa pasanathe maola 72 ndi kumwedwa masiku 28. Kudikira mpaka kubwerera kunyumba kungataitse mwayi umenewu. Kuyezetsa magazi kuchitikenso patapita miyezi itatu, chifukwa kachirombo sikaoneka m'masiku oyambirira.

Vuto lachitatu limadza ndi kuchuluka kwa anthu pamalo amodzi. Mu Febuluwale 2020 sitima ya Diamond Princess idatsekeredwa pa doko la Yokohama ku Japan ili ndi anthu 3,711, ndipo oposa 700 adapezeka ndi COVID-19. Matenda otsegula m'mimba ndi kusanza oyamba ndi kachirombo ka norovirus amafalanso msanga m'sitima kudzera m'manja, m'chakudya ndi m'zinthu zogwiragwira. Kusamba m'manja ndi sopo munthu asanadye ndiponso akachoka kuchimbudzi ndiko kumathandiza koposa, pakuti mankhwala opaka m'manja salimbana bwino ndi kachirombo kameneka. Wodwala akhale m'chipinda chake. Bwenzi lenileni silikakamiza mnzake wodwala kupita kovina.

Vuto lomaliza limaonekera ulendo utatha. Mauthenga okoma amabwera pa foni kwa masabata angapo, kenaka pamabwera pempho la ndalama: mwana wagonekedwa m'chipatala, katundu wagwidwa pa malire, tikiti yobwerera kudzacheza yasowa. Amasiye ndi opuma pa ntchito ndiwo amasakidwa, ndipo ambiri akaberedwa amabisa chifukwa cha manyazi. Chikondi chimene chimayamba kupempha ndalama achibale asanadziwane ndi malonda.

Ena anganene kuti machenjezo onsewa amachotsa kukoma kwa tchuthi, ndi kuti chikondi sichiyenda ndi malamulo. Koma kusamala sikuletsa munthu kuseka, kuvina kapena kupatsana manambala a foni ndi amene wamukonda. Kumangofuna kuti zosankha zazikulu, za thupi, za ndalama ndi za ukwati, zidikire kufikira awiriwo atatsika. Ngati mnzakeyo ndi woona, adzapezeka yemweyo pakatha mwezi umodzi. Adzalola kuonekera kwa abale, adzaonetsa kumene amakhala, ndipo sadzakana kupita limodzi kukayezetsa magazi. Akakana zimenezi, ndiye kuti wayankha kale. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Tsono wokwera sitima apite ndi mtima womasuka, alonjere anzake pagome ndi kusangalala nawo. Akabwerako ndi anzake atsopano, ndalama zake sizidapite pachabe. Akabwerako ndi wokondedwa, amuyese pamtunda, pamene pali ankhoswe, chipatala ndi masiku okwanira kumudziwa bwino.