Gombe si malo ongokhala

Omvera athu, pali mawu amene afala mu Lilongwe muno, ndipo lero ndabwera kudzawatsutsa. Mumawamva m'misonkhano ya zokopa alendo ku BICC, m'maofesi a ku City Centre, ngakhalenso pamakonde a nyumba za mipanda ku Area 10, Area 12 ndi Area 43. Akuti anthu a m'mbali mwa nyanja amadana ndi chitukuko. Akuti munthu wa ndalama zake akabwera kuti amange hotela yaikulu, anthu akumudzi amayambitsa mapokoso chifukwa cha umbuli, nsanje, kapena chifukwa wina wawanamiza. Ndipo olankhulawo akafika kumapeto amati: pajatu malowo angokhala, palibe chimene eni akewo akuchitapo.

Bodza lonse lagona pa mawu otsirizawa.

Munthu wa mu Lilongwe amanyamuka Loweruka m'mawa, n'kutsetsereka ndi msewu wa M14, kudutsa pa Salima, kukafika ku Senga Bay dzuwa lili paliwombo. Nthawi imeneyo gombe limaonekadi ngati lopanda mwini: mabwato ali gone pamchenga, ana akusambira, kuli zii. Koma asodziwo ali mtulo chifukwa agwira ntchito usiku wonse. Madzulo, mlendo uja akamalowa m'chipinda chake, m'pamene anyamata a chilimira amakankhira maboti m'madzi, siginala ali m'bwato lake ndi nyali zokopera usipa. M'bandakucha akamakocheza pa doko ngati la Nguwo, amayi ogula nsomba amakhala atafika kale ndi mabeseni awo. Usipa wina aufutsa, wina auyanika wauwisi pa thandala. Thandala limafuna malo. Ukonde wa chilimira ndi wautali, ndipo kuti uume ndi kusokedwa pamene wang'ambika umafuna mchenga wotambalala. Boti silikocheza paliponse. Limafuna pamene mwera sulimenyetsa pamiyala. Pagombe pomwepo amayi amachapa, kutsuka mbale ndi kutunga madzi. Mukatseka gombelo ndi mpanda wofika m'madzi, mwatseka malo a ntchito, msika ndi chitsime tsiku limodzi.

Ndipo usipa umenewo sukathera ku Salima. Umakwera galimoto kubwerera pa M14 yomweyo, n'kudzafika mumsika waukulu wa ku Old Town, kumene umagulitsidwa pa mulu. Ndiwo za mabanja ambiri mumzinda uno zimauma pa mchenga umene ena akuti ungokhala.

Ambiri mukukumbukira zimene zinachitika mu 2015 kufupi ndi Monkey Bay, m'dera la Mfumu Nankumba ku Mangochi. Kampani ya Mota-Engil inkafuna kumanga hotela yaikulu m'mbali mwa nyanja, anthu a m'midzi anakana kupereka malo, ndipo mkanganowo unafika pa ziwawa. Ziwawa sindizivomereza, kaya zichokere mbali iti. Koma taonani m'mene nkhaniyo inakambidwira kuno ku likulu. Ambiri anangoti anthu akumudzi athamangitsa chitukuko. Ndi ochepa amene anafunsa kuti kodi anthuwo anauzidwa liti, anauzidwa ndi ndani, ndipo akanachoka pamenepo maboti awo akanakocheza kuti, minda yawo ikanakhala kuti, manda a makolo awo akanatani. Munthu amene sanafunsidwe akakana, sindikuona chimene wakana kupatula kulandidwa.

Gwero la mikangano yotere ndi lakale. Lamulo la malo la 1965 linkapatsa nduna mphamvu yobwereketsa malo a makolo kwa munthu kapena kampani kwa zaka zambirimbiri, ndipo kumudziko chimene chinkafunika kwenikweni ndi siginecha ya mfumu papepala. Umo ndi m'mene magombe ambiri a ku Salima ndi ku Mangochi anasandukira makoteji. Mfumu yasaina, kalata yatuluka ku Lilongwe, tsiku lina anthu angoona zipilala za simenti zitazikidwa m'njira yawo yopita kumadzi. Malamulo a malo a 2016 anayesa kukonza zimenezi: malo a makolo ayenera kuyang'aniridwa ndi komiti imene wapampando wake ndi gulupu, pamodzi ndi anthu 6 osankhidwa ndi mudzi, ndipo mwa iwowo osachepera 3 akhale amayi. Lamulo la zachilengedwe la 2017, limene linakhazikitsa bungwe la MEPA, limafuna kuti ntchito yaikulu isanayambe pachitike kafukufuku wa m'mene idzakhudzire chilengedwe ndi anthu, ndipo anthuwo amvedwe. Choncho mudzi ukaimirira n'kunena kuti sitinafunsidwe, ukungokumbutsa boma lamulo limene Nyumba ya Malamulo inavomereza yokha pa City Centre pompano.

Vuto ndi lakuti kufunsako nthawi zambiri kumakhala kwa chiphamaso. Msonkhano umachitikira mu holo ya pa boma, anthu ochepa oitanidwa alandira alawansi, chikalata ndi chochindikala ndipo chili m'Chingerezi. Mayi woyanika usipa, amene moyo wake wonse uli pagombe limene likukambidwalo, amamva nkhaniyo itatha kale.

Tsopano tiyeni tiyese mawu oti anthuwa amadana ndi chitukuko ndi zimene zachitikadi. Bungwe la Southern Region Water Board litayamba ntchito yopopa madzi ku Nkhudzi Bay ndi kumanga thanki paphiri la Nkhudzi, mkati mwa Lake Malawi National Park, amene anatsutsa kwambiri anali mabungwe oona zachilengedwe, ndipo nkhawa zawo zinali zomveka. Anthu a m'midzi ya m'mbali mwa msewu wa Mangochi kupita ku Monkey Bay ankafuna madziwo, ndipo ananena poyera. Zifukwa zake n'zosachita kufunsa. Kukhala pafupi ndi nyanja sikutanthauza kumwa madzi abwino, ndipo kolera ya 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, inasautsa kwambiri maboma a m'mbali mwa nyanja. Anthu omwewo amene akuti amakana chitukuko amapempha mipopi, magetsi, zipatala, milatho ndi misewu tsiku ndi tsiku. Amasiyanitsa bwino lomwe chimene chabwera kudzawatumikira ndi chimene chabwera kudzawasuntha.

Za umbuli nazo sindikuzivomereza. Pitani ku chilumba cha Mbenji ku Salima. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ufumu wa Makanjira wakhala ukutseka usodzi pachilumbacho nyengo ya dzinja, kuyambira mu Disembala mpaka cha mu Epulo, kuti nsomba ziswane. Pachilumbapo saloleza mowa, juga kapena chamba, ndipo wophwanya lamulo amathamangitsidwa. Palibe amene anachoka ku Capital Hill kukawaphunzitsa zimenezi. Lero akatswiri a zausodzi ndi amene amapita ku Mbenji kukaphunzira, chifukwa nsomba kumeneko zasungika pamene m'madera ena chambo chinachepa kwambiri. Anthu otere akanena kuti gombe ili musalitseke, ndi bwino kutchera khutu.

Amadziwanso nyanja yawo kuposa ojambula mapulani. Mu 2024 madzi anakwera kupitirira mamita 476 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, ndipo malo ogona alendo ambiri ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota analowa m'madzi. Eni ake analira kuti zitseko za Kamuzu Barrage ku Liwonde zitsekulidwe kwambiri, ngakhale kuti kutero kukanamiza anthu a kuchigwa cha Shire. Bungwe la National Water Resources Authority linakumbutsa kuti malamulo salola kumanga pansi pa mzere wa mamita 477. Akuluakulu a kunyanja amene anaona madzi a 1980 akanatha kuloza ndi ndodo pamene nyanja inafika chaka chimenecho. Midzi ina nayo inavutika ndi madziwo, n'zoona, koma makoma a simenti omangidwa m'mphepete mwenimweni mwa madzi sanamangidwe ndi asodzi.

Olimbikitsa mahotela amati kudzabwera ntchito ndi ndalama zakunja. Pamenepa sindikutsutsa zonse. Dziko lino likusowa ndalama zakunja, masomphenya a Malawi 2063 amaika zokopa alendo patsogolo, ndipo ku Senga Bay kuli mabanja amene aphunzitsa ana ndi malipiro a m'mahotela. Ku Chembe, ku Cape Maclear, achinyamata ambiri amadyera kuperekeza alendo kuzilumba. Ndikudziwanso kuti si aliyense wokana amene ali ndi mtima woyera. Alipo ena amene amakuwa kuti nawonso apatsidwe kangachepe. Koma tiwerenge bwinobwino. Gombe limodzi limadyetsa mwini boti, anyamata okoka ukonde, wokhoma maboti, wosoka maukonde, mayi wofutsa nsomba, wogulitsa nkhuni, wa kabaza ndi wa galimoto yonyamula nsomba. Hotela ikamangidwa, ntchito zapamwamba zimapita kwa anthu a mapepala ochokera ku Lilongwe, ku Blantyre kapena kunja, ndipo mwana wa pamudzipo amapeza ulonda, kusesa mchenga kapena kuchapa, nthawi zina kwa miyezi ya alendo yokha. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Msodzi amene akukana kusinthanitsa doko lake ndi lonjezo akuwerengera bwino.

Mbiri nayo ili kumbali yake. Mu 1949 ndege zotera pamadzi za kampani ya BOAC zinayamba kutera ku Cape Maclear paulendo wa pakati pa England ndi Johannesburg, ndipo panali hotela yapamwamba yolandira alendowo. Chaka chotsatira ndegezo zinasiya kubwera, ndipo hotelayo sinakhalitse. Anthu a ku Chembe anatsala ndi nyanja yawo, ndipo ndi imene inawasunga. Lero mudzi umenewu, pamodzi ndi Msaka, Mvunguti ndi Zambo, uli mkati mwa paki imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Anthu amenewa akhala ndi alendo, ndi malamulo a paki, ndi malonjezo a anthu a ndalama kwa zaka zambiri. Sakulankhula zinthu zimene sakuzidziwa.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti ife a mu Lilongwe timadzipatsa ufulu umene timawamana anzathuwa. Wina akatsegula bala kapena malo ochitirapo maukwati pakati pa nyumba ku Area 3, Area 9 kapena Area 47, anthu oyandikana naye amalemba makalata ku khonsolo ya mzinda, amati dera lino ndi lokhalamo anthu, tikufuna bata, mapulani a mzinda atsatidwe. Akunena zoona, ndipo palibe amene amawatchula mbuli. Mu 2021, mitengo itayamba kugwetsedwa m'mbali mwa msewu wa Kenyatta pofuna kuukulitsa, anthu a mumzinda uno anadandaula kwambiri, ndipo madandaulo awo analowa m'nyuzipepala ndi pa wailesi. Anafunsa ngati kafukufuku wa zachilengedwe anachitika. Funso lomwelo akafunsa msodzi wa ku Salima kapena ku Monkey Bay, timati ndi wotsalira. Chonsecho wa ku Area 10 akuteteza tulo take, pamene wa kunyanja akuteteza chakudya cha ana ake.

Mzinda uno nawo unamangidwa pa midzi ya anthu. Bungwe la Capital City Development Corporation litakhazikitsidwa mu 1968, mabanja anasamutsidwa kuti papezeke malo a likulu limene linachoka ku Zomba mu 1975. Nthawi imeneyo kunali chipani chimodzi, ndipo wokana analibe pokanenera. Kuyambira 1994 tili ndi ufulu wolankhula, ndipo ufuluwo suthera pa Kanengo.

Ndiye kwa inu a ku unduna wa za malo, a ku MEPA, a ku unduna wa zokopa alendo ndi a m'makhonsolo a Salima, Mangochi, Nkhotakota ndi Nkhata Bay, pempho langa ndi ili. Pulani ya hotela ikafika patebulo panu, musayambe ndi kufunsa kuti idzakhala ndi zipinda zingati. Funsani kuti maboti a pamenepo adzakocheza kuti. Chikalata cha kafukufuku chikawerengedwe pagombe penipenipo, m'Chichewa, m'Chiyao kapena m'Chitonga, nthawi imene asodzi ali maso, komiti ya pagombe ndi amayi a thandala alipo. Njira ya anthu yopita kumadzi ilembedwe m'kalata ya malo, kuti mwini hotela akadzagulitsa, wogulayo asadzaitseke. Chipukuta misozi chisawerengere nyumba ndi mitengo ya mango yokha, chiwerengerenso doko. Ndipo mudzi ukamva zonsezo n'kunenabe kuti ayi, wa ndalamayo asonyezedwe malo ena. Nyanja ya Malawi ndi yaitali makilomita oposa 500.

Inunso omvera amene muli ndi koteji ku Senga Bay, kapena mukufuna kugula malo kumeneko, Loweruka likudzali mukafika, kayendeni m'mbali mwa mpanda wanu mpaka kumadzi, muone ngati mayi wosenza beseni la nsomba angathe kudutsa.