Mzinda tikuugwirira ntchito, koma kodi tidauona?

Abale ndi alongo, mwezi uno tiyambe ndi funso. Ndi angati mwa ife amene atha zaka zisanu kuno ku Cape Town koma sadapondepo m'munda wa Company's Garden, chonsecho kulowamo n'kwaulere? Tikukhulupirira kuti ndi ambiri. Njira zimene timazidziwa bwino ndi zitatu: yopita kuntchito, yopita kutchalitchi kapena kumzikiti, ndi yopita kumene timatumizira ndalama kumudzi. Phiri la Table Mountain timaliona pawindo la takisi mbandakucha, tulo tikadali m'maso. Anthu amalipira ndege kuchokera ku Germany ndi ku Japan kudzaona zinthu zimene ife timazidutsa tsiku ndi tsiku titazyolika.

Zifukwa zilipo ndipo si zopeka. Ndalama ndi yochepa, tsiku lopuma ndi limodzi, ndipo likamafika zochapa zimakhala zitaunjikana. Palinso mantha. Amene adalipo mu May 2008, pamene anthu 62 adaphedwa pa zipolowe zodana ndi obwera, adaphunzira kusadzionetsera, ndipo phunzirolo adalipatsira kwa amene adabwera m'mbuyo mwawo. Mantha amenewo sitikuwanyoza. Koma ana athu akukulira muno. Kwawo kwa makolo sakukudziwa, mzinda umene akukhalawu nawonso sakuudziwa. Ndiye akadzafunsidwa kuti kwanu n'kuti, adzaloza kuti?

Tikupempha Loweruka limodzi lokha. Banja lonse lidzuke, mapepala m'thumba, kamba wa paulendo m'chikwama kuti ndalama isathere pa zakudya za m'tauni, foni yotchajidwa bwino. Tasankha Loweruka dala, chifukwa mzinga wa pa Signal Hill, umene umalira 12 koloko masana, Lamulungu sulira. Ana amene sadachenjezedwe amalumpha nawo, ndipo akuluakulu ena amene tikuwadziwa amalumphanso, kenako n'kumanamizira kuti apunthwa.

Mukatsika basi, sitima kapena takisi m'tauni, kwerani ndi msewu wa Adderley mpaka kumapeto. Pamenepo pali Slave Lodge, nyumba imene idamangidwa mu 1679 kuti muzisungidwa akapolo a kampani ya Adatchi. Akapolo a ku Cape ankachokera ku India, ku Indonesia, ku Madagascar komanso ku Mozambique, choncho anthu a chigawo chathu adaponda misewu imeneyi kalekale, ngakhale sadabwere mwa kufuna kwawo. Kuseri kwake ndiye kumunda kuja, umene Adatchi adauyamba mu 1652 kuti azilimamo ndiwo zamasamba zodyetsa anthu a m'sitima zapamadzi. Lero muli mitengo, mipando ndi agologolo osaopa munthu, odya mtedza m'manja. Mulinso chiboliboli cha Cecil Rhodes, dzanja ataloza kumpoto komwe kuli kwathu. Ophunzira athu a payunivesite awafotokozere azing'ono awo kuti bamboyu ankaloza chiyani.

Tsopano za kujambula. Kale kumudzi chithunzi chinali nkhani yaikulu. Wojambula ankabwera panjinga, kamera pakhosi, ife n'kubwereka jekete kwa achimwene, n'kuima chilili ngati asilikali. Kenako tinkadikira milungu kuti filimu ya zithunzi 36 ithe, ipite kutauni kukatsukidwa. Lero aliyense ali ndi kamera m'thumba, koma zithunzi zabwino n'zochepabe, ndipo vuto lake limakhala limodzimodzi: phiri latuluka bwino, thambo latuluka bwino, koma nkhope za anthu zangoti bii, kungooneka mano okha.

Kamera ya foni imayeza kuwala kwa malo onse amene ikuona. Ikaona thambo lowala kapena nyanja yonyezimira imachepetsa kuwala, ndipo khungu lakuda ndilo limayamba kuzimirira. Mankhwala ake ndi apafupi. Gogodani ndi chala pankhope ya munthu pagalasi la foniyo musanajambule, kuti kamera iyeze kuwala kuchokera pankhopepo. Musamuimike munthu dzuwa lili kumbuyo kwake. Kuno dzuwa la masana limakhala chakumpoto chaka chonse, ndipo mukakhala m'tauni phiri lili chakumwera, ndiye wojambula akalozetsa kamera kuphiri dzuwa limakhala kumsana kwake, zomwe ndi zofunika. Dzuwa likakhala paliwombo limaika mithunzi m'maso, choncho nthawi imeneyo lowani pansi pa mtengo. Pojambula mwana, gwadani kuti kamera ifanane ndi maso ake. Ndipo musathamange. Kuona maso a nkhono n'kudekha: chithunzi chabwino chimabwera anthu akatopa ndi kuima mowongoka n'kuyamba kuseka.

Kuchokera kumundako, Bo-Kaap ndi pafupi, kungokwera ndi msewu wa Wale. Ndi kuja kuli nyumba zopakidwa penti wowala, ina yobiriwira, ina yachikasu, ina yofiirira, komanso mzikiti wa Auwal wa mu 1794, woyamba m'dziko lino. Apa tichenjezane. Nyumba zimenezi muli anthu, ndipo eni ake akhala akudandaula za alendo okhala pamakhonde awo ndi kujambula ana awo osapempha. Ife amene timadziwa kuwawa kwa kuyang'anidwa ngati chinthu chachilendo tisakhale oyamba kuchita zimenezo. Perekani moni, pemphani, akakana thokozani n'kupitirira.

Malo amene tikufuna kuti musawadumphe ndi District Six Museum, mumsewu wa Buitenkant. Pamakhala kolipira pakhomo, koma ndi ndalama yopita pabwino. Pa 11 February 1966 boma la tsankho lidalengeza kuti dera la District Six ndi la azungu okha. Anthu oposa 60,000 adasamutsidwa, ambiri kupita ku Cape Flats, ndipo nyumba zawo zidagumulidwa. Nyumba yosungiramo mbiriyi idatsegulidwa mu 1994 m'tchalitchi chakale cha Methodist. Pansi pali mapu aakulu a deralo, pamene anthu osamutsidwa aja adalembapo mayina awo pamalo pomwe padali makomo awo. M'makoma muli zithunzi, ndipo zambiri n'zochokera m'mabanja: ukwati, ana akusewera mumsewu, mayi ataima pakhomo, anyamata a timu ya mpira. Amene ankajambula sankadziwa kuti akusunga umboni. Koma magalimoto ogumula nyumba atadutsa, timapepala timeneti, tosungidwa m'masutikesi ndi m'zitini za mabisiketi, ndito tidatsala kunena kuti pano padali anthu ndipo ankakhala motere.

Tikatuluka mmenemo tiyang'ane m'mafoni mwathu. Muli chiyani? Ambiri muli ife titatsamira galimoto la abwana, titaima pageti la nyumba imene timatchetchamo kapinga, titavala suti pa Waterfront pafupi ndi sitolo imene sitidagulemo kanthu. Tikudziwa chifukwa chake: palibe amene amafuna kuti mayi ake kumudzi azigona ndi nkhawa. Koma zithunzi zimenezi zili ndi mtengo wake. Achibale akaziona amati ku Joni ndalama amachita kutola, ndiye mafoni opempha sakutha, ndipo ukati zavuta amati wayamba kumana. Choopsa kwambiri n'chakuti mng'ono wathu amagulitsa mbuzi ndi chimanga, n'kukwera basi kudzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge, akulondola galimoto limene silidali lathu.

Sitikuti tizitumiza zithunzi za misozi. Tikuti pambali pa chithunzi cha suti pakhalenso cha yunifomu ya kuntchito, cha chipinda chimene timagona anayi, cha poto wa nsima pachitofu, cha kwaya ikuphunzira nyimbo m'galaja, cha mzere wa takisi m'mawa wa June mvula ikugwa. Zimenezi ndizo adzukulu athu adzafune kuona. Taganizirani za Clements Kadalie, mwana wa ku Chifira m'boma la Nkhata Bay, wophunzira ku Livingstonia, amene adafika mumzinda uno mu 1918. Mu 1919 adayambitsa bungwe la apantchito la ICU, ndipo mu December chaka chomwecho adatsogolera sitalaka ya ogwira ntchito padoko. Iye nkhope yake tikuidziwa chifukwa adatchuka. Nanga azigogo athu miyandamiyanda amene adapita kumigodi pa Wenela, kapena matchona amene adakalambira kuno? M'mabanja ambiri mudatsala dzina lokha, mwina ndi kachithunzi ka pachiphaso.

Chithunzi cha mufoni sichichedwa kutayika. Foni imabedwa, imagwera m'madzi, imafa. WhatsApp nayo imachepetsa chithunzi pochitumiza, pokhapokha mutachitumiza ngati dokyumenti. Ndiye paulendo uliwonse sankhani zithunzi zisanu kapena khumi, mukazitsukitse papepala, ndipo kumbuyo kwake mulembe mayina, malo ndi chaka.

Pofika apa ana amakhala atayamba kukoka miyendo, ndipo chimene chimawadzutsa ndi chimodzi: ayisikirimu. Wamba uja woyera wa m'makina amapezeka paliponse, ku Sea Point kapena ku Muizenberg, ndipo palibe mwana amene adamukanapo. Koma mzinda uno udationetsanso wina. Tapiwa Guzha, m'bale wathu wa ku Zimbabwe amene adaphunzira sayansi mpaka udokotala, adayamba mu 2018 kupanga ayisikirimu wa zakudya za ku Africa kuno pansi pa dzina lakuti Tapi Tapi, ndipo mu 2020 adatsegula shopu ku Observatory, dera lodzaza ndi ophunzira lija. Adapanga wa malambe, wa maungu, wa chidede, wa chimera cha mawere, wa chisoso, ngakhale wa kapenta wouma wosakaniza ndi shuga wowotcha ndi tsabola.

Ena mwa ife titalawa mu 2022, gulu lidagawikana. Wa malambe sadavute, chifukwa tonse tidakulira mafirizesi a malambe a m'timapepala tapulasitiki ogulitsidwa pageti la sukulu. Wa chimera adakhalitsa anthu chete, kenako mayi wina adati, "Abale, ili ndi thobwa." Adaitana mwana wake wobadwira kuno kuti alawe, ndipo panjira yonse yobwerera ankamufotokozera mmene agogo ake amanyikira mawere, kuwafunditsa mpaka atamera, kuwayanika n'kuwasinja. Wa kapenta ndiye adautsa mtsutso umene sudathe mpaka lero. Azibambo adati nsomba malo ake ndi pambali pa nsima basi, pamene achinyamata adanyambita kapu. Ife a tsamba lino tili kumbali ya achinyamata. Chisoso chimene abwana amatituma kuzula m'maluwa ngati udzu, ena adachiikira mtengo wa chakudya chapamwamba ndipo anthu adaima pamzere. Mwana amene amachita manyazi kutsegula kontena ya chakudya cha kwawo kusukulu ayenera kuona zimenezo ndi maso ake.

Mashopu aang'ono otere amasintha malo, maola ndi zimene akugulitsa, choncho fufuzani kaye musananyamule ana, paja safunsa adadya phula. Kufika ku Observatory n'kosavuta: takisi za ku Wynberg zimadutsa konko mumsewu wa Main, ndipo pasitima ndi siteshoni yachitatu kuchoka m'tauni, mukadutsa Woodstock ndi Salt River. Mukapeza kotseka, kapena thumba likakana, wa malambe mutha kupanga nokha. Nyikani malambe m'madzi ofunda pang'ono, sefani kuti mupeze phala lolimba, sakanizani ndi kirimu kapena mkaka wa m'chitini wotsekemera uja, ikani mufiriji pamalo oumitsa, ndipo muzitakasa ndi foloko pakatha theka la ola lililonse, kanayi kapena kasanu, kuti asaume ngati mwala.

Amene mupite mwezi uno, tipatseni chithunzi chimodzi kudzera kwa alembi a bungwe pamsonkhano ukubwerawu, mutalemba mayina a amene alipo ndiponso mutawapempha chilolezo. Tidzasindikiza zitatu patsamba lino. Cha galimoto la abwana tidzabweza.