Mlimi wa ku Chongwe si woyesela app yanu

Mawu akuti "pa laptop yanga isebenza bwino" afunika kutha pakati pa acinyamata olemba mapulogilamu. Ni mawu a wophika amene apakula ndiwo osalawa, n'kuyembekezela kuti alendo ndiwo amuuze za mcele. Ise tikukana. Pulogilamu yopanda matesti odziyendetsa okha ni nchito yosatha, ndipo woigulitsa akugulitsa nyumba yopanda denga.

Chongwe inali pakati pa maboma 13 amene anayambila e-voucher ya FISP mu nyengo ya 2015/2016. Apo tonse tinaona kuti fataleza ya mlimi ingadalile pa dzina na nambala zolembedwa mu kompyuta. Manje tumapulogilamu twafika paliponse: ku makopaletivu, m'mashopu a mbeu, m'masukulu, m'magulu a village banking. Kapulogilamu kakakana mlimi mu November, mvula siimilila kuti inu mukonze code. Iye ataya mlungu wobyala, inu mutaya cabe bundle.

Zolakwa zambili ni zazing'ono, zodziwikilatu. Nambala ya NRC ili na manambala 6, kenako 2, kenako 1. Nanga munthu akaiwala kamzela ka pakati? Airtel ili na 097 na 077, MTN ili na 096 na 076. Fomu imene idziwa 097 na 096 cabe idzathamangitsa anthu a nambala zatsopano. Kucokela mu 2013, pamene kwacha inacotsedwa mazilo atatu, ngwee inabwelela, koma mu Python 0.1 kuphatikiza 0.2 ipatsa 0.30000000000000004. Muziwelengela ndalama za gulu mwanjila imeneyo, tsiku lina msungicuma adzachedwa kawalala pa mlandu wa code yanu.

Kuchela msampha wa zolakwa izi si ufiti. Ngati mulemba mu Python, lembani pip install pytest. Pangani folda ya tests, ndipo dzina la failo iliyonse liyambe na test_. M'katimo lembani zimene muyembekezela: nambala ya 077 ivomelezedwe, NRC yopelewela ikanidwe, K400 kucotsapo K150.50 itsale K249.50. Mukalemba pytest, makina ayesa zonse m'masekondi ocepa na kukuuzani mzela umene wagwa. A Java ali na JUnit, ndipo Selenium olo Playwright idina mabatani a website monga munthu. Ikani kafailo ka YAML mu .github/workflows, ndipo GitHub Actions idzayendetsa matesti nthawi iliyonse mukatumiza code. Iyendela pa makompyuta awo, conco olo malaiti apite kwanu, nchito ipitiliza. Pa mapulojekiti oonekela kwa onse salipilitsa.

Ena akuti kasitomala salipila matesti. Kodi kasitomala wa womanga amalipila levulo payokha? Levulo ili m'thumba la womanga aliyense amene alemekeza nchito yake. Nthawi imene mukana kutayila pa matesti mudzailipila kawili, usiku, foni ikulila, gulu lonse la WhatsApp likukutukwanani.

Ena akuti ngakhale makampani aakulu amagwa. N'zoona. Pa 19 July 2024, failo yolakwika ya CrowdStrike inagwetsa makompyuta a Windows pafupifupi 8.5 miliyoni, ndeke zambili zinalephela kunyamuka. Kampaniyo inakamba yokha kuti cida cake cofufuzila cinali na vuto, cinalola failo yoipa kupita. Phunzilo ni lakuti mlonda naye afunika kumuyesa. Onongani code mwadala, muone ngati testi ifiila. Testi imene siinagwepo siinayesepo kanthu.

Kwa aphunzitsi kulikonse kumene aphunzitsa zamakompyuta m'boma lino, kuyambila ku Silverest mpaka ku Chalimbana, pempho lathu ni ili: pulojekiti yopanda folda ya tests isapatsidwe mamaki onse, olo ikongole bwanji. Kwa inu a cheyamani a kopaletivu na eni mashopu: musanalipile ndalama yothela, uzani mnyamatayo ayendetse matesti pamaso panu. Simufunika kudziwa code kuti musiyanitse cobiliwila na cofiila. Akayamba kukamba zambili m'malo moonetsa, bwezelani ndalama m'thumba mpaka abwele nawo.